Chaka Chimene Ndinabweza Theka la Dimba

Kwathu ndi ku Tamanda, koma ndakhala zaka zoposa makumi awiri ku Chiparamba, kwawo kwa mkazi wanga, amake Dali. Ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, malata ndinagula ndine, koma nthaka imene nyumbayo yakhalapo si yanga. Munda wa kumtunda si wanga. Dimba la kumtsinje si langa. Zonsezi ndi za apongozi anga ndi ana awo, ndipo woyang'anira mbumba yonseyo ndi mchimwene wake wa mkazi wanga, a Yotamu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa wosazidziwa sangamvetse zimene ndinachita chaka cha chilala chija.

Ine ndi a Yotamu sitinamwerane madzi chiyambire. Iwo sukulu analekeza panjira. Ine ndinamaliza sekondale, ndinagwirako ntchito ya ukalaliki m'sitolo ya zitsulo ku Chipata mpaka pamene inatsekedwa. Kuyambira tsiku la chinkhoswe amanditchula "a Giredi," kunyoza magiredi a sukulu amene ndinamaliza. Pagulu amati "alamu," koma liwulo amalitulutsa ngati akulavula njere ya bwemba.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino, ndipo palibe amene anaganiza zoipa. Tinabzala munda wonse wa kumtunda. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo khasu ndinali ndisanaliopepo.

Tsiku lina ndikukonza mizere imene madzi anagumula, makutu anayamba kulira ngati mwalowa nyenje. Ndinapitiriza. Kenako mawondo anazizira, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapitirizabe. Pomaliza m'maso munayamba kuyenda timadontho takuda, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi popanda kufuna. Masiku awiri otsatira ndinali ngati chovala chochapa.

Kukiliniki namwino anandimanga mkono ndi chopopa choyezera kuthamanga kwa magazi, nayang'ana kawiri.

"Atate, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mankhwala awa muzimwa m'mawa uliwonse, mutadya kaye. Ndipo muzipumula."

Ndinauza amake Dali okha. Ndinawapempha kuti asauze abale awo. Kwa eni mudzi, mkamwini amamuyeza ndi mizere imene walima. Khadi la kuchipatala sawerenga.

Disembala

Mwezi umenewu ndinayamba kuchita chinthu chimene sindinachitepo: kumvetsera thupi langa likamayankhula. Ndinapeza kuti limachenjeza katatu, ndipo silisintha ndondomeko. Makutu poyamba, kenako mawondo, pomaliza maso.

Ndikaleka ntchito makutu akangoyamba kulira, ndinkapumula, dzuwa likapendeka n'kubwereranso kukalima, mawa lake n'kudzuka wamphumphu. Ndikadikira mawondo, madzulo a tsikulo anali otayika. Ndikafika pa timadontho, ndataya masiku awiri. Sizinafunike sukulu kuti ndione njira yopindulitsa.

Pamutu pa munda pali mtengo wa mango ndi kachulu. Ndinaona kuti makutu amayamba kulira mthunzi wa mangowo ukamachoka pa kachuluko. Ndiye ndinkalowa m'munda kukangoyera, mthunzi ukachoka pachulu n'kuika khasu pansi, n'kukakhala pansi pa mtengo ndi botolo la madzi.

Vuto linali lakuti njira ya kuminda ya mudzi wonse imadutsa pomwepo. Nthawi imene ine ndinkakhala pansi ndi imene ena amakhala atatenthetsa kumene msana.

"A Giredi! Ofesi yatsegulidwa?" Anali a Yotamu, khasu lili paphewa. "Titumize mwana abweretse tiyi? Wa mkaka kapena wopanda?"

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ife tadzuka. Inu ndiye sitikudziwa ngati mwadzuka kapena mukupitiriza tulo."

Pambuyo pawo panali Gabi, mkamwini mnzanga, mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga. Ndi munthu wa zaka makumi atatu ndi zingapo, wa mapewa ngati ng'ombe ya pangolo. Anaseka chifukwa a Yotamu anaseka. Mkamwini amadziwa nthawi yoseka.

Madzulo ndikabwerera kumunda, panjira pamakhala palibe munthu. Mizere ya madzulo palibe amene anaiona. Onse anaona mthunzi wokha.

Januwale

Chapakati pa mwezi mvula inadula. Chimanga chinali chitafika m'chiuno. Sabata yoyamba tinati ikupuma. Sabata yachiwiri masamba anapindika n'kukhala ngati a anyezi. Mitambo inkasonkhana masana cha kumapiri a kumalire, kuda bii, kugunda kawiri, madzulo n'kubalalika. Kutchalitchi tinapempherera mvula Lamulungu lililonse.

Nkhokwe yathu inali itatsala pansi penipeni. Pamsika meda imodzi, kachigubu kodula kaja timayezera chimanga, inafika pa mtengo umene kale tinkagulira meda zitatu. Amake Dali anayamba kusakaniza ufa ndi gaga. Tinasiya kudya masana. Ana athu awiri aang'ono ankamwa phala m'mawa, tonse n'kudya kamodzi madzulo. Dali, mwana wathu woyamba, anali ku Lusaka akufunafuna ntchito, ndipo nayenso ankadya kamodzi.

Thupi linasintha mawu. Makutu anayamba kulira mthunzi usanachoke pachulu. Mankhwala aja ndikamwa m'mimba mulibe kanthu, dziko linkazungulira. Ndinayesa masiku angapo, ndinapeza kuti chakudya cha madzulo chimathera m'tulo, m'mawa n'kudzuka wopanda kanthu m'miyendo. Ndinauza amake Dali kuti gawo langa azilidula pakati: theka ndidye madzulo, theka andisungire.

"Mukufuna muzidya mkute? Ngati mwana?"

"Ngati mwana."

"Anthu akaona?"

"Ndizidyera m'nyumba."

Nsima ya gaga yogona ndi yolimba ngati sopo. Ndinkaidya ndi mchere ndi madzi, n'kumwa mankhwala, n'kutuluka. Inkandipatsa maola awiri abwino. Maola awiri okha, ndiye chuma chonse chimene ndinali nacho pa tsiku.

Ndinayenda m'munda wa kumtunda, ndinakumba ndi chala pansi pa phesi. Fumbi mpaka pansi. Anzanga ankapalira kachiwiri, ena akuthira feteleza m'dothi louma poyembekeza mvula ya mawa. Ine ndinaona kuti maola anga awiri sangakwane munda ndi dimba. Ndinasiya munda. Ndinatsikira kumtsinje, ndinayamba kuzamitsa chitsime cha m'dimba, mikono iwiri lero, mikono iwiri mawa.

A Yotamu anandipeza ndili m'dzenje.

"Alamu, munda wa amayi mwausandutsa tchire?"

"Chimanga chija chafa, alamu."

"Mwachiyeza ndi chiyani? Ndi satifiketi? Mvula ikagwa mawa?"

"Ikagwa ndidzakhala wolakwa."

"Wolakwa ndinu kale. Mwamuna wa manja awiri kusiya munda udzu ukuoneka kumsewu! Anthu azinena kuti mlongo wanga anakwatiwa ndi chiyani?"

Mvula sinagwe mawa lake. Koma zimenezo sizinandithandize. Munthu amene wanena zoona anzake asanazione samukhululukira msanga.

Febuluwale

Uwu ndiwo mwezi umene mudzi unakhala chete. Agalu anasiya kuuwa. Kumphakati wina anati Lenti ya chaka chino yayamba yokha osadikira phulusa, ndipo tinaseka pang'ono.

Mphekesera ndiye zinali zokhuta. Ati malole a chimanga chathandizo afika ku Chipata. Ati ayi, adutsa. Ati a njinga akuwolotsa matumba kudzera m'tinjira ta kumalire, n'chifukwa chake mtengo ukukwera. Maina athu analembedwa katatu ndi anthu atatu osiyana. Amene anapita kutauni anabwerako ndi timapaketi ta ufa tija timati pamela, tokwana chakudya chimodzi, atagula ngati akugula shuga.

Amuna anayamba kupita kuganyu ku mafamu a ku Madzimoyo kumene kuli mipope yothirira. Ankanyamuka kusanache, kulima tsiku lonse, kubwerako ndi meda ya gaga kapena ya chimanga. Ndinapita kamodzi. Kapitawo sadziwa za makutu olira. Ndinamaliza ndime yanga ndikuona timadontho, ndipo ndinagona masiku atatu. Meda imodzi pa masiku anayi. Sindinapitenso. M'malo mwake ndinagulitsa njinga ndi jekete langa la ukwati, ndinagula chimanga choti chitifikitse patsogolo pang'ono.

Pamenepo aliyense anali ataona kuti minda yafa. Maso onse anatembenukira kudimba. Dimbalo apongozi anapatsa amake Dali kalekale, chifukwa ndiye mwana wamkazi wamkulu. Zaka zonse palibe amene ankalifuna. Chaka chimenecho linasanduka mtima wa banja.

A Yotamu anaitanitsa msonkhano pakhonde la amayi awo. Monga mwa mwambo, ine sindikhala moyang'anizana ndi apongozi. Ndinakhala pambali pa nkhokwe, iwo atandifulatira, mawu awo akundipeza chodutsa. Gabi anakhala mbali inayo.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero a Yotamu. "Dimba ndi la amayi. Chaka chino ndi lokhalo lingatidyetse. Silingakhale m'manja mwa munthu wogwira ntchito ngati wa boma. Ndikupereka mpaka Pasaka. Likhale lobiriwira lonse, kuyambira pachitsime mpaka kunthochi. Likapanda kutero, lipita kwa Gabi."

Amake Dali analephera kupirira.

"Achimwene, atate a Dali akudwala. Magazi awo amathamanga. Khadi lilipo, mankhwala akumwa."

"Matenda a anthu ophunzira amenewo. Ife osaphunzira timadwala malungo."

Apongozi anakhosomola, osatembenuka.

"Ngati magazi akuthamanga, athamangire kudimba."

Anthu anaseka. Ndinayang'ana pansi. Pansi pa nkhokwe panali chiswe chikukoka kachidutswa ka gaga. Ndinaomba m'manja monga mkamwini amachitira, ndinati, "Ndamva."

Dimba likanachoka, nyumba yanga ikanatsala ndi chimanga cha jekete basi.

Malichi

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo sindingaloze munthu chala.

Dimba lathu ndi lalitali, lotsata mtsinje. Chitsime chili kumutu, kumene dothi ndi la mchenga. Kumunsi, kunthochi, dothi ndi lakuda, lonona, koma ndi kutali ndi madzi. Ndinawerenga: kuchoka pachitsime kufika pabedi lomaliza la kumutu ndi mapazi makumi anayi. Kufika kunthochi ndi mapazi zana limodzi ndi makumi anayi. Ndinkadziwa bwinobwino kuti maola anga awiri sangathirire konseko.

Komabe ndinabzala konse. Mawu a apongozi ankandiyabwa m'khutu kuposa nyenje zija. Chimanga chitamera, ndinatenga zigubu ziwiri zazikulu, china dzanja ili, china dzanja ili, monga achitira Gabi.

Tsiku loyamba ndinafika pa mawondo. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo madzulo sindinadzuke. Lachitatu amake Dali anati, "Nkhope yanu yatuwa." Ndinati ndi fumbi.

Tsiku lachinayi makutu analira msanga. Ndinali pafupi kuika zigubu pansi pamene ndinaona a Yotamu ataima pamtunda, manja kumbuyo. Anangoima, akuwerenga maulendo anga. Ndinatunganso. Mawondo anazizira. Ndinatunganso. Timadontho tinabwera, toyamba tochepa, kenako ngati gulu la mbalame. Ndikukumbuka kuti ndinaona nthochi zikupendekeka.

Ndinadzidzimuka tsaya lili m'matope, amake Dali akundithira madzi kumutu, akufuula dzina langa lenileni, limene sanalitchulepo pagulu chikwatirane. Dzanja lamanzere silinkamva kanthu. Anandinyamula pa ngolo kupita kukiliniki. Namwino yemwe uja sanandikalipire. Anangoti, "Atate, ulendo wina simudzabwera ndi ngolo yobwerera."

Ndinagona masiku asanu ndi anayi. Dzanzi la m'dzanja linachoka pang'onopang'ono, kuyambira kuphewa kutsikira ku zala. Amake Dali ankathirira mbali ya pachitsime, kutunga a pakhomo, kusaka ndiwo, kusamala ana. Kunthochi sanafikeko. Chimanga cha kumeneko chinapsa chisanafike m'bondo.

Tsiku lachitatu a Yotamu anabwera kudzazonda. Sanalowe.

"Odi, a Giredi! Ati munafuna kumwa dimba lonse ndi mphuno?"

"Achimwene, ngati mwabwera kudzaseka, njira ndi yomweyo mwadzera," anatero amake Dali.

"Ndabwera kudzakumbutsa. Pasaka sadwala."

Munthu ukagona chagada masiku ambiri, umamva zambiri. Ndinkamva mtima ukugunda m'khosi ndikangoganiza za a Yotamu. Ndinazindikira kuti mkwiyo umadya maola anga ngati zigubu zomwe zija. Ndinazindikiranso kuti thupi silinandinamize ngakhale kamodzi. Linanena katatu, monga mwa nthawi zonse. Ndine ndinamvera munthu woima pamtunda manja ali kumbuyo.

Epulo

Sindinadikire Pasaka. Lolemba la Sabata Loyera ndinatuma mawu kwa a Yotamu ndi Gabi kuti tikumane kudimba m'mawa. Amake Dali sindinawauze chimene ndinkafuna kuchita, ndipo chimenecho ndi cholakwa china.

Ndinayenda ndi ndodo kuchoka pachitsime, ndikuwerenga. Pa mapazi makumi asanu ndi limodzi ndinaima, ndinakhoma chikhomo.

"Kuchokera apa mpaka kunthochi, tengani. Mupatse Gabi. Ine nditsala ndi mbali ya pachitsime. Chitsime tizitunga tonse."

Kuno mkamwini amapempha malo, amalilira malo, nthawi zina amalandidwa malo. Koma sabweza. Kubweza nthaka imene apongozi anakupatsa kuli ngati kuwauza kuti mphatso yawo yakulemera.

A Yotamu anatupa. Ndikuganiza kuti anali atakonzeka kudzalanda pamaso pa anthu tsiku la Pasaka, ndipo ine ndinawalanda tsikulo.

"Mukugawa nthaka ya amayi ndinu? Ndinu ndani pano?"

"Sindikugawa, alamu. Ndikunena pamene thupi langa likulekezera."

"Thupi! Munthu wamkulu kumalankhula za thupi ngati namwali!"

Gabi ndiye anali akuyang'ana kale kunthochi. Anafunsa mwaulemu, "Akulu, mwati mukutsala ndi mchengawu? Dothi lakudali mukundipatsa ine?"

"Ndi lako."

Anayang'ana a Yotamu, onse awiri anaphulika kuseka. A Yotamu anati, "Sukulu imeneyi! Kusiya nyama n'kutola fupa. Chabwino, zatha. Asadzalire munthu."

Amake Dali, amene anali pomwepo, anachoka. Kunyumba anandidikira pakhomo.

"Nthochi zija anabzala ndi agogo anga. Mwandivula pamaso pa abale anga, kwathu komwe, osandifunsa n'komwe."

"Ndikanakufunsa ukanakana."

"Ndikanakana, inde!"

"Amake Dali, ufuna dimba lonse ndi manda, kapena theka ndi ine?"



"Musandifunse lero," anatero.

Sabata ziwiri ankangondiikira mkute patebulo osanena kanthu. Kuminda ya kumtunda anthu anakolola timadengu tiwiri, ena kamodzi, zitsononkho za njere zowerengeka. Ife sitinakolole kanthu. Kutchalitchi, pa Pasaka, amayi ena ankandiloza ndi milomo.

Meyi ndi Juni

Ndinayambiranso ngati munthu wophunzira kuyenda. Zigubu zazikulu ndinazisiya. Ndinatenga kachigubu ka mafuta ophikira, ndinakaboola pachivundikiro. Maulendo ambiri, katundu wochepa, mtima osagunda m'khosi. Popalira ndinkakhala pa kampando, n'kumakasuntha. Odutsa ankaima kuti aone mwamuna akupalira chokhala.

Udzu umene unamera m'munda wa kumtunda, uja unandichititsa manyazi, ndinaumweta pang'onopang'ono n'kuuyala m'mabedi. Mchenga wophimbidwa unkasunga chinyezi masiku awiri. Pakati pa chimanga ndinabzala nyemba ndi maungu, m'mphepete mpiru ndi repu. Masamba anayamba kutipatsa ndiwo, ndipo otsala amake Dali ankakagulitsa kumsewu n'kubwerako ndi meda.

Thupi linapitiriza kusintha, ndipo ndinkalitsatira. Masiku ena linkandipatsa ola limodzi lokha, makamaka ndikagona ndi njala kapena ndikakangana ndi munthu. Tsiku lotero ndinkathirira chimanga chokha n'kubwerera. Kuzizira kwa Juni kutafika, makutu ankachedwa kulira, ndipo ndinkafika maola atatu. Chimanga chathandizo chitabwera, kamodzi kokha, ndinawonjezera mkute, ndinawonjezeranso mabedi awiri. Sindinkayamba tsiku ndi kunena kuti lero ndichita zakutizakuti. Ndinkayamba ndi kukhala pamphepete pa bedi, kumvetsera, kenako n'kusankha ntchito yokwana.

Gabi anayamba ngati moto. Anabzalanso mbali yake yonse tsiku limodzi. Ankathamanga ndi zigubu ziwiri, thukuta likuyenderera, mpaka chitsime kuphwa n'kutsala matope. Koma kunyumba kwake kunalibe chakudya, ndiye ankapita ku Madzimoyo masiku anayi, kubwerako atatheratu, kugona tsiku limodzi, n'kudzathirira masana dothi litang'ambika kale. Mapazi zana limodzi ndi makumi anayi, kupita ndi kubwera, m'mimba muli phala la gaga. Ngakhale ng'ombe ya pangolo imagwada.

Tinakangana pa chitsime. Ankanena kuti ndimalawirira kuti ndimubere madzi.

"Akulu, mukatunga m'mawa, ine ndipeza chiyani?"

"Ndimatunga tizigubu makumi atatu, Gabi. Ukafika chimakhala chitadzazanso. Iwe ndiwe umachiphwetsa, mawa lake tonse n'kupeza matope."

Anakanena kwa a Yotamu. A Yotamu anabwera, anandinena kuti ndine mfiti ya madzi, kuti ndinadziwa chimene ndinkachita posankha mbali ya chitsime. Pamenepo sananame. Ndinangoti, "Munaseka, alamu. Munati ndatola fupa." Mtima unayamba kugunda m'khosi, ndiye ndinawasiya akulankhula, ndinakakhala pamthunzi. Anandilondola ndi mawu mpaka anatopa okha.

Chimanga cha Gabi chinamasula ngayaye chili m'chiuno, n'kuuma. Kumapeto kwa Juni anapita ku Chipata kukakankha wilibala pamsika. Mapewa aja anali atatsala mafupa. Sindinakondwere. Ana ake ndi ana athu omwe.

Julayi

Tinathyola chimanga choyamba chachiwisi. Sichinali chambiri, koma zinali zitsononkho zodzaza. Monga mwa mwambo, dengu loyamba linapita kwa apongozi. Amake Dali anatumizanso lina kwa mng'ono wawo, mkazi wa Gabi. Ndinamva kuti a Yotamu anadya zitatu pakhonde la amayi awo, nanena kuti ndi chosakoma chifukwa ndi cha pamchenga.

Patapita sabata anabwera kudimba. Dzuwa linali litakwera, makutu anali atayamba kulira, ndipo ndinali nditakhala pansi pa mtengo wa mkuyu ndi botolo langa. Amake Dali ankathyola nkhwani chapafupi.

"Alamu," anatero. Sanati a Giredi. "Amayi akuti chikhomo chija muzule. Mutengenso dimba lonse, mpaka kunthochi. Gabi walephera."

Ndinayang'ana kumunsi. Dothi lakuda lija linali pomwepo, lonona, la mapesi ouma. Ndisaname, mtima unalifuna. Ndinadziona ndikukolola ngolo yodzaza, anthu a milomo aja akuona. Kenako ndinamva nyenje m'makutu, ndi kadzanzi kamene kanatsalira ku chala chaching'ono cha kumanzere.

"Muwathokoze amayi. Koma chikhomo chikhale."

"Mwati bwanji?"

"Ndikwanitsa mapazi makumi asanu ndi limodzi. Kumunsiko kukhale kwa mkazi wa Gabi. Gabi akabwera ndidzamuthandiza kuona pokumba chitsime china kufupi ndi nthochi."

"Mukukana nthaka ya amayi kachiwiri? Kukupatsani ulemu, inu n'kuulavula? Imirirani tilankhulane ngati amuna!"

Sindinaimirire. Anayandikira, mitsempha ya m'khosi itatupa. Pamenepo amake Dali anawongoka, nkhwani uli m'manja. Chiyambire Epulo anali asanayankhe funso langa lija.

"Achimwene, mwamva. Theka latikwana. Ndipo nthawi ino atate a Dali amapumula. Ngati muli ndi mawu ena, mubwere dzuwa likapendeka."

A Yotamu anayang'ana mlongo wawo ngati akumuona koyamba. Analavula pambali, nakwera mtunda. Dzuwa litapendeka sanabwere.

Chikhomo chija chilipo mpaka lero. Chinali cha mtengo wauwisi, ndipo chinaphuka. Mvula inabwerera chaka chotsatira, nkhokwe zinadzaza, anthu anaiwala mtengo wa meda. A Yotamu sanaiwale. Dzina la a Giredi analisiya, tsopano amanditchula "a Theka," ndipo ana a m'mudzi analitola. Pamaliro timakhala mbali zosiyana. Apongozi amalandira dengu loyamba chaka chilichonse, koma sanatumizepo mawu othokoza.

Ndimavomera dzinalo. M'mawa ndimadya mkute, ngakhale ufa uli wodzaza m'thumba. Ndimalowa m'munda kukangoyera. Makutu akalira ndimaika khasu pansi, pomwepo pamzere, odutsa onse akuona.